Chiwindi, kachilombo ndi asilikali otopa: mbiri ya nthenda yobisala ku Chiuta

Nyanja ya Chiuta ndi ya madzi osaya, yozingidwa ndi mabango, ndipo inakhala pamalire penipeni pa Malawi ndi Mozambique. Kumwera kwake kuli mtunda wamchenga umene unailekanitsa ndi nyanja ya Chilwa. Pamtunda umenewo ndi pamene panadutsa njanji yochokera ku Nkaya, m'boma la Balaka, kuwoloka Shire pa Liwonde mpaka ku Nayuchi, imene inatsegulidwa mu 1970. Nyanjayi ikadzaza, madzi ake amatsetserekera kumpoto, ku Amaramba, kenaka mu mtsinje wa Lugenda. Kutsidya lino ndi dera la mafumu Ngokwe, Chikweo ndi Kawinga, kumene Ayao, Alomwe ndi Anyanja akhala akukwatirana, kulima mpunga, chimanga ndi mtedza, ndi kuvuula makumba, matemba ndi milamba.

M'midzi imeneyi muli nthenda imene anthu anaidziwa njanji isanabwere, malire asanalembedwe. Imakonda kugwira mwamuna wa zaka za m'ma 30 kapena 40, wamphamvu zake, amene chaka chatha ankapalasa bwato ndi kusenza thumba la mpunga payekha. Amayamba n'kudandaula kuti kumanja, pansi pa nthiti, kukumulemera. Nsima amangotema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja. Pakapita miyezi ingapo manja ndi mapewa zimaonda, masaya amalowa, koma mimba ikukulirakulira, yolimba, yonyezimira, mitsempha itatuluka pamwamba, mchombo utatumphuka. Mapazi amatupa moti patapata salowa. Maso amachita chikasu, mkodzo n'kuda. Ena tsiku lina amangoyamba kusanza magazi. Akafika ku chipatala cha boma ku Liwonde, kapena akatumizidwa ku Zomba, madokotala amapopa madzi a m'mimbamo, amaunika ndi makina, ndipo nthawi zambiri chimene amauza achibale n'chakuti chiwindi chinatha kale.

Kumudzi nkhaniyi imamveka mwina. Amati anamudyetsa. Ena poona kutupa kwa miyendo amati ndi mdulo, umene Ayao amati ndaka, ndipo maso onse amagwera pa mkazi wake ndi mchere umene anathira m'ndiwo. J. Clyde Mitchell, amene anakhala pakati pa Ayao a ku Machinga kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 n'kulemba buku la The Yao Village lotuluka mu 1956, anaonetsa mmene matenda ndi maliro zinkabalira kuganizirana ufiti pakati pa abale, mpaka mbumba kugawikana ndi mudzi kupasuka. Makolo amenewa si oti tiwaseke, chifukwa maso awo anali akuthwa. Anaona kuti nthendayi sigwa mwachisawawa: ikatenga mkulu, pakapita zaka imatenga mng'ono wake, kenaka mwana wa mlongo wawo. Anaona kuti gwero lake lili pafupi, m'banja momwemo. Chimene analibe n'chida choonera kuti chowayenda m'banjamo ndi kachilombo ka hepatitis B, ndiponso kuti wodwalayo sanakatenge pa mowa wa chaka chatha koma ali mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu.

Kachilomboka n'kakale kuposa ufumu uliwonse umene tikuudziwa. Mu 2018 ofufuza anakapeza m'mafupa ndi m'mano a anthu amene anafa zaka 4,500 zapitazo ku Ulaya ndi ku Asia, ena zaka 7,000 zapitazo ku Germany, ndipo mu 2021 kanapezekanso m'mafupa a zaka pafupifupi 10,000. Kali ndi mafuko ake. Fuko lopezeka kwambiri m'Malawi limatchedwa A1, ndipo ndi lomwelo la ku Mozambique, Tanzania ndi South Africa. Likupezekanso ku Brazil, ku Haiti ndi ku India, ndipo akatswiri ena amati linafikako m'magazi a akapolo otengedwa kum'mwera chakum'mawa kwa Africa. Ngati zili choncho, mbiri imeneyo inadutsa pakhomo pathu, pakuti maulendo a minyanga ndi akapolo ankachoka m'madera ano kulowera ku Kilwa ndi ku Quelimane, mpaka pamene linga la Kawinga pa phiri la Chikala linagwa m'manja mwa asilikali a Britain mu 1895.

Mibadwo imapatsirana kachilomboka kudzera mwa ana. Kamakhala m'magazi ndi m'madzi ena a m'thupi, ndipo n'kolimba moyo: pa lumo kapena pa dontho la magazi louma kamatha masiku 7 kakadali koopsa. Mayi amene ali nako kochuluka amapatsira khanda pobereka. Koma kafukufuku wa ku Gambia mu 1983 ndi wa kumpoto kwa Namibia mu 1984 anaonetsa kuti mu Africa ana ambiri ankakatenga atayamba kale kuyenda, kuchokera kwa abale awo ndi anzawo. Njira zake n'zazing'ono, za tsiku ndi tsiku: zilonda za kumiyendo, mphere zokanda usiku pamphasa imodzi, lumo limodzi lometera ana onse a pakhomo kapena lotemera mphini. Onjezerani apo majekeseni akale agalasi, amene ankawiritsidwa mothamanga mzere wa odwala uli panja. Chimene chimagamula za tsogolo la munthu ndi msinkhu umene watengera. Mwa makanda 10 otenga kachilomboka pobadwa, 9 amakhala nako moyo wonse. Mwa ana a chaka chimodzi mpaka zisanu ndi pafupifupi atatu mwa 10. Wamkulu akakatenga amatha kudwala chikasu masabata angapo, koma oposa 95 mwa 100 amachira n'kukhala otetezeka.

Mfundo ya msinkhuyi ndi yofunika, chifukwa nkhani ya magazi ikangotchulidwa ku Machinga, anthu a kwina amathamangira kuloza chala jando. N'zoona kuti mpeni umodzi wodulira anyamata angapo ku ndagala umafalitsa kachilombo, ndipo angaliba amene anausiya mchitidwewo anachita bwino. Koma mnyamata wopita ku ndagala amakhala atapitirira kale msinkhu woopsetsetsawo. Ambiri amene akufa ndi chiwindi lero anakatenga ali kumsana kwa amayi awo kapena akusewera pafumbi pabwalo, ndipo nthendayi iliko ngakhale kumaboma kumene jando kulibe.

Kukula kwa vutoli kunayamba kuoneka ku migodi ya golide. Anyamata a ku Nyasaland ankalembedwa ndi Wenela kupita ku Joni, kumene ankakumba limodzi ndi anzawo a ku Mozambique. Dokotala wa kumigodi Charles Berman anasonkhanitsa zimene ankaona mwa ogwira ntchitowa, ndipo mu 1951 anatulutsa buku lonena za khansa yoyambira m'chiwindi. Ku Ulaya khansa imeneyi inali yosowa, ya nkhalamba. Kumigodi inali patsogolo pa khansa zonse, ikupha anyamata a zaka za m'ma 20 ndi 30, makamaka ochokera ku Mozambique. Kalembera wa khansa amene Prates ndi Torres anachita ku Lourenço Marques, kumene lero timati Maputo, kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anapeza chiwerengero chimene panthawiyo chinalibe chinzake padziko lonse. Ndipo amenewo ndi okhawo amene anafera pafupi ndi dokotala. Amene mgodi unkawabweza kwawo atadwala anakafera kumidzi, osalowa m'buku la munthu aliyense.

Kuti chikasu china chimayenda m'magazi, azungu anaphunzira ndi ngozi zawozawo. Mu 1883 ku Bremen, ku Germany, anthu 1,289 okhoma zombo analandira katemera wa nthomba wopangidwa ndi madzi a m'thupi la munthu, ndipo 191 mwa iwo anadwala chikasu. Mu 1942 asilikali a America pafupifupi 50,000 anadwala chimodzimodzi atabayidwa katemera wa yellow fever yemwe munali madzi a magazi a anthu. Mu 1947 F. O. MacCallum wa ku Britain anagawa nthendayi pawiri: A ya m'madzi ndi chakudya, B ya m'magazi. Kachilombo kenikeniko kanapezeka mwamwayi. Baruch Blumberg, akufufuza kusiyana kwa magazi a mitundu ya anthu, anaona chinthu chachilendo m'magazi a mbadwa ina ya ku Australia, nalengeza mu 1965; pambuyo pake zinadziwika kuti chinthucho ndi chikopa cha kachilomboka. David Dane anakaona kathunthu ndi makina ku London mu 1970, ndipo Blumberg analandira mphotho ya Nobel mu 1976. Mu 1981 Palmer Beasley, atatsata amuna 22,707 ku Taiwan, anatsimikiza kuti amene ali nako amadwala khansa ya chiwindi kuwirikiza ka 100 kapena kuposa poyerekeza ndi amene alibe.

Kuyeza magazi kutayamba kunabuka chodabwitsa. Anthu ena anali ndi tizilombo tosawerengeka m'magazi koma chiwindi chili bwinobwino, pamene ena okhala ndi tochepa ndiwo anali kudwala. Mu 1972 Dudley, Fox ndi Sheila Sherlock a ku London anapereka ganizo limene lakhala likutsimikizika kuyambira pamenepo: kachilomboka pakokha sikapha maselo a chiwindi. Amene amawapha ndi asilikali a m'thupi la mwini wake.

Aliyense amene anasendapo mbuzi ya pa Idi kapena ya pa sadaka amachidziwa chiwindi chabwino: chofiirira, chosalala, chofewa mpeni ukamadutsa. Cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Magazi ochokera m'matumbo amayamba adutsa m'menemo asanapite ku mtima. Chimasefa poizoni, chimasunga shuga, chimapanga ndulu, chimapanganso zinthu zothandiza magazi kuundana pabala ndi zogwira madzi kuti asatuluke m'mitsempha. Popeza tsiku lililonse chimalandira zachilendo zochokera m'chakudya, n'chiwalo choleza mtima: asilikali a m'thupi akalowamo amafatsitsidwa, kuti asamayambe ndewu pa chilichonse chimene munthu wadya. Kachilombo ka hepatitis B kanapezerapo mpata pa kufatsa kumeneku. Kamalowa m'selo kudzera pa khomo lolowera mchere wa ndulu, khomo limene gulu la Wenhui Li ku Beijing linatulukira mu 2012. Kakalowa kamasiya kamkombero ka DNA yake pakati penipeni pa selolo, ndipo kamkomberoko kamakhala zaka ndi zaka kakutulutsa tizilombo tatsopano. Selolo silifa ayi. Limapitiriza kupanga ndulu ndi kusefa magazi ngati palibe chachitika.

Mwa munthu wamkulu, thupi limadzutsa gulu la asilikali otchedwa maselo a CD8, ophunzitsidwa kuzindikira kachilombo aka kokha. Maselo a CD4, amene ambirife tinawadziwira ku nkhani ya HIV, ndiwo amawalimbikitsa, ndipo amathandizanso maselo ena kupanga zogwirira tizilombo m'magazi. Francis Chisari ndi Luca Guidotti a ku California anaonetsa, poyamba pa mbewa, kenaka mu 1999 pa anyani a chimpanzi, kuti asilikaliwa amagwira ntchito pawiri. Maselo ena ogwidwa amawapha, koma ntchito yaikulu amaigwira potulutsa mankhwala a m'thupi, monga interferon, amene amazimitsa kachilombo selo osalipha. Mu 2003 gulu lomwelo litachotsa maselo a CD8 mwa chimpanzi, kutupa kwa chiwindi kunachedwa, koma kachilombonso kanakhalitsa mpaka maselowo atabwerera. Choncho ochiza ndi ovulaza ndi omwewo. Wamkulu amene wachita chikasu masabata angapo n'kuchira, thupi lake lamenya nkhondo yaifupi, yamphamvu, n'kuimaliza.

Mwa mwana zimayenda mosiyana. Chitetezo chake chimakhala chikuphunzira kusiyanitsa zake ndi zachilendo, ndipo ngati mayi ali ndi kachilombo kochuluka, chinthu china chimene kamatulutsa chimawolokera kwa mwana akadali m'mimba, thupi n'kuchizolowera. Asilikali oyenera amadzuka ochepa ndiponso ofooka. Kwa zaka zingapo magazi a mwanayo amadzaza tizilombo mamiliyoni ambirimbiri, iye akuthamanga, akupita ku madrasa ndi ku sukulu, osamva kalikonse. Kenaka, mwina ali mnyamata, mwina atakwatira kale, chitetezo chimatsitsimuka n'kuyamba kumenya. Koma chimayamba mochedwa, mdani atakhazikika m'chiwindi chonse. Kachilomboka kamatayiranso m'magazi zikopa zopanda kanthu mkati, zochuluka kuwirikiza ka 1,000 kapena kuposa poyerekeza ndi tizilombo tenitenito. Msilikali amene amaona mdani usana ndi usiku kwa zaka 20 amalefuka. Mu 2007 gulu la Carlo Ferrari ku Parma, ku Italy, linaonetsa kuti maselo a CD8 a anthu oterewa amakhala ndi chizindikiro chochuluka chotchedwa PD-1, chimene chimawagwira manja: saswana mokwanira, ndipo mankhwala ozimitsa aja amatulutsa ochepa.

Nanga ngati asilikali odziwa mdani atopa, akuwononga chiwindi ndani? Yankho linachokera kwa Mala Maini ndi anzake ku London mu 2000. Atayerekeza ziwindi za anthu odwala ndi za amene ali ndi kachilombo koma sakudwala, anapeza kuti asilikali odziwa kachilomboka analipo ofanana kuchuluka mbali zonse ziwiri. Kusiyana kunali kwakuti m'chiwindi chodwala munadzaza khamu la asilikali ena, osadziwa n'komwe chimene abwerera, oitanidwa ndi mfuu ya anzawo olepherawo. Kafukufuku wotsatira wa gulu lomwelo, mu 2007 ndi mu 2013, anaonetsa kuti maselo ena otchedwa NK amapha maselo a chiwindi nthenda ikabuka, ndiponso amapha ngakhale ma CD8 ochepa aja amene akanathandiza. Asodzi a ku Chiuta angaimve msanga nkhaniyi. Makoka a nkacha atafika pa nyanjayi, a maso ang'onoang'ono, ankakokolola zonse, nsomba zazikulu ndi tiana tomwe, n'kuvundula matope mpaka madzi osamweka, kufikira mu 1995 pamene eni nyanja anagwirizana, napanga makomiti a m'madoko, n'kuwathamangitsa. Khamu la asilikali lolowa m'chiwindi limagwira ntchito ngati nkacha: silisankha selo logwidwa ndi losagwidwa, ndipo kachilombo kamene likufuna kamatsala.

Selo la chiwindi likafa limatayira m'magazi chinthu chotchedwa ALT, chimene a labotale amayeza kuti adziwe ngati ndewu ili mkati. Ndewuyo siyaka nthawi zonse. Imabuka, imazirala, imabukanso, mwina pakati pakupita zaka, mwini wake akungomva kutopa kumene amati ndi kwa ntchito kapena malungo. Chiwindi chimadziwa kuphukanso kuposa ziwalo zambiri, koma kuphuka kulikonse kumasiya chipsera. Maselo ena otchedwa stellate, amene pamtendere amasunga vitamini A, akamva kutupa amasanduka oluka ulusi wolimba. Ulusiwo ukachuluka chiwindi chimauma, chimakhwinyata, chimachita timibulu. Apa ndi pamene zonse zija zooneka ndi maso zimachokera. Magazi a m'matumbo akalephera kudutsa amabwerera m'mbuyo, kapamba amatupa, mitsempha ya kummero imafufuma mpaka kuphulika. Chiwindi chikasiya kupanga zogwira madzi, madziwo amatsikira m'mimba ndi m'mapazi. Chikalephera kuchotsa ndulu, maso amachita chikasu. Khansa nayo imamera pa nthaka yomweyo, chifukwa maselo amene akugawikana mobwerezabwereza pakati pa kutupa amalakwitsa pokopera DNA yawo, ndipo zidutswa za DNA ya kachilombo zimadzisokerera m'kati mwa DNA ya munthu. Michael Kew ndi Anna Kramvis a ku yunivesite ya Witwatersrand anapeza kuti fuko la A1 limabweretsa khansa kawirikawiri ndiponso munthu akadali wamng'ono. Mwa otenga kachilomboka ali ana, mmodzi mwa anayi kapena asanu amadzafa ndi kuuma kwa chiwindi kapena khansa ngati salandira mankhwala, ndipo amuna ndiwo ambiri. Choipitsitsa n'chakuti mnofu wa chiwindi sumva kupweteka. Ululu umayamba chikatupa mpaka kukoka chikopa chake, nthawi itatha kale.

Kachilomboka kali ndi abwenzi amene amafulumizitsa ntchitoyi, ndipo woyamba ali m'nkhokwe. Mu 1960 nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wa ku Brazil, ndipo pofufuza anapeza poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin. M'zaka za m'ma 1970 van Rensburg ndi anzake anayeza zakudya za m'mbale za anthu ku Inhambane, kwawo kwa anyamata ambiri a kumigodi aja, napeza kuti kumene chuku n'chochuluka khansa ya chiwindi ilinso yochuluka. Mu 1991 kunapezeka bala lenileni limene poizoniyu amasiya pa jini yotchedwa p53, imene ntchito yake n'kuletsa selo lolakwika kuswana. Balalo linaoneka mwa odwala a kum'mwera kwa Africa ndi a ku Qidong ku China. Kafukufuku wa ku Shanghai anaonetsa kuti kachilombo pakokha ndi chuku pachokha zimakweza chiopsezo kangapo, koma zikakumana mwa munthu mmodzi chimakwera pafupifupi ka 60.

Taonani mmene mtedza umayendera pakhomo. Pofuna kuti makoko afewe posenda, ena amauwaza madzi, n'kuuthira m'thumba usanaume. Posankha, wabwino, wonenepa, umapita kwa mavenda ku Ntaja kapena ku Nselema. Wofota, wosweka, wakuda mkati, umatsala, ndipo ndi umene umasinjidwa kukhala nsinjiro za mu nkhwani ndi za m'phala la mwana. Mayi amene akuchita zimenezi sakuchita mphwayi. Akufuna ndalama ya sopo ndi ya yunifolomu, ndipo sangataye chakudya. Kutentha ndi ng'amba za ku Balaka zimafooketsa mbewu chuku n'kulowa zikadali m'munda, pamene mvula yochedwa kusiya ndi madzi osefukira zimanyowetsa chimanga chokolola kale. Limbikani Matumba ndi anzake anaonetsa kuti kukonola chimanga ndi kuviika mphale, monga amachitira amayi athu popanga ufa woyera, kumachotsa gawo lalikulu la poizoniyu. Koma wambiri amatsalira m'madeya, ndipo chaka cha njala ngati 2002 madeyawo ndi amene anali nsima.

Bwenzi lachiwiri ndi likodzo. La m'chikhodzodzo, lokodzetsa magazi, ndi limene ana a kunyanja amalidziwa, koma lilipo la m'matumbo limene mazira ake amakakodwa m'chiwindi. Apanso chowononga ndi chitetezo cha thupi, chimene chimamanga chipsera kuzungulira dzira lililonse mpaka njira za magazi kutsekeka. Lachitatu ndi kachasu. Koma dziwani kuti shehe amene sanalawepo dontho la mowa angathe kufa ndi chiwindi chouma, ndipo n'kulakwa kumunong'onezera pamaliro kuti ankamwa mobisa.

Katemera woyamba, wa Maurice Hilleman, anavomerezedwa ku America mu 1981, ndipo wopangidwa ndi yisiti anatuluka mu 1986. Taiwan inayamba kubaya makanda mu 1984, ndipo pofika 1997 khansa ya chiwindi mwa ana kumeneko inali itatsika pafupifupi ndi theka. Gambia inayamba mu 1986. Mu 1992 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linapempha maiko onse kuti achite chimodzimodzi, koma mtengo unatchinga maiko osauka. Malawi inayamba mu January 2002, ndi thandizo la bungwe la Gavi, pogwiritsa ntchito jekeseni imodzi yoteteza ku matenda asanu, yobaya pantchafu mwana akakwana masabata 6, 10 ndi 14. Kuchokera 1981 kufika 2002 ndi zaka 21, ndipo ana onse a ku Ngokwe ndi ku Chikweo amene anabadwa m'zaka zimenezo anakula opanda chitetezo chimene chinalipo kale padziko. Komabe chimene alangizi a zaumoyo achita kuyambira pamenepo, akupalasa njinga mumchenga ndi bokosi la katemera kukachititsa sikelo pansi pa mtengo, n'chachikulu koposa. Kuunikanso kafukufuku wakale wa m'Malawi kumene kunatuluka mu 2018 kunapeza kuti akuluakulu pafupifupi 8 mwa 100 ali ndi kachilomboka. Kafukufuku wa ku Ndirande, wa Alexander Stockdale ndi anzake a Malawi-Liverpool-Wellcome, wotuluka mu 2022, anapeza 5 mwa akuluakulu 100, koma atatu okha mwa ana 1,000 obadwa katemera atayamba. Mu 2003 kunakhazikitsidwanso Malawi Blood Transfusion Service, imene imayeza hepatitis B m'magazi opereka kwa odwala.

Mankhwala anafika kudzera pa khomo la nthenda ina. Ma ARV aulere atayamba mu 2004, m'piritsi loyambalo munali lamivudine, amene amamenyanso hepatitis B. Koma akakhala yekha kachilomboka kamamuzolowera pakapita zaka zochepa. Mu July 2011 Malawi inayamba kupereka mankhwala okhala ndi tenofovir kwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa amene ali ndi HIV, kenaka kwa ena onse, ndipo piritsi la dolutegravir limene linabwera mu 2019 lili ndi tenofovir yemweyo. Tenofovir sachotsa kamkombero ka DNA kaja, n'chifukwa chake amamwedwa moyo wonse. Chimene amachita n'kuletsa kachilombo kuswana. Tizilombo tikachepa mfuu yoitana khamu lija imaleka, kutupa kumazirala, asilikali otopa aja amapezako mphamvu, ndipo chiwindi chimayamba kusungunula zipsera. Pa kafukufuku wotuluka mu 2013, mwa odwala 96 amene chiwindi chawo chinali chitauma, 71 anapezeka kuti sichinalinso chouma atamwa tenofovir zaka zisanu. Munthu wotere akasiya mankhwala mwadzidzidzi, kachilombo kamabwerera mwamphamvu, asilikali amakalusira, ndipo chiwindi chingathe kugwa m'masabata ochepa.

Apa ndi pamene mtima umandiwawa. Kwa zaka zambiri, msodzi amene ali ndi HIV pamodzi ndi hepatitis B wakhala akulandira mankhwala a chiwindi chake mwezi ndi mwezi pa chipatala chaching'ono cha kwawo, mwina osadziwa n'komwe kuti ali ndi nthenda yachiwiriyo. Mng'ono wake wa bere limodzi, amene alibe HIV koma anatenga hepatitis B pamphasa yomweyo, anakhala wopanda mzere woti aimepo, pamene mankhwala ake anali pa shelefu yomweyo. Vutoli si la Malawi yokha. Lipoti la WHO la 2024 linati mu 2022 anthu 254 miliyoni padziko anali ndi kachilomboka, pafupifupi 65 miliyoni a iwo mu Africa, ndipo padziko lonse 13 okha mwa 100 ndi amene ankadziwa, atatu mwa 100 ndi amene ankalandira mankhwala. Maiko anapangana mu 2016 kuti pofika 2030 nthendayi idzakhale itagonjetsedwa.

Obadwa chisanafike chaka cha 2002 ndiwo ali pa nyanja lero, ndiwo ali m'minda ya mpunga, ndiwo akugulitsa m'misika ya Liwonde ndi Balaka. Amuna obadwa m'zaka za m'ma 1990 ali pa msinkhu umene Berman ankauona kumigodi. Akazi obadwa zaka zomwezo akadali kubereka, ndipo jekeseni ya pa masabata 6 imafika mochedwa kwa khanda limene latenga kachilombo tsiku lobadwa. WHO inalangiza mu 2009 kuti mwana aliyense azibayidwa pasanathe maola 24 chibadwire, koma kwa zaka zoposa 20 ndondomeko ya kuno inakhala ikuyambira pa masabata 6. Mayi wokhala ndi tizilombo tochuluka akamwa tenofovir m'miyezi yomaliza ya pakati, mwana n'kubayidwa tsiku loyamba, kupatsirana kumatsala pang'ono kutheratu.

Mu March 2024 WHO inafewetsa malamulo osankhira woyenera kuyamba mankhwala, poganizira zipatala zopanda makina odula. Kudziwa ngati munthu ali ndi kachilomboka kumafuna dontho limodzi la pachala ndi mphindi zosakwana 30, monga mmene timayezera HIV. Kudziwa ngati chiwindi chayamba kuchita zipsera kungatheke pophatikiza zoyeza ziwiri za magazi, AST ndi chiwerengero cha timaselo toundanitsa magazi, zimene labotale ya chipatala cha boma ingathe kuchita. Ndipo mmodzi akapezeka nako, oyamba kuitanidwa kukayezetsa ndi mayi wake, alongo ndi abale ake a bere limodzi, mkazi kapena mwamuna wake, ndi ana onse amene anakulira m'nyumba imeneyo.